Tsamba Limene Sindinkakulungira Matemba

Senderani kuno, mawu anga masiku ano safika patali ndipo sindikufuna kubwereza. Khalani pamkekapa. Inu amene mwagwira cholembera, lembani monga momwe ndikunenera. Mukamva mawu oyabwa musawasambitse ayi, muwasiye choncho.

Ine kusukulu sindinapondeko. Kumadrasa ndinapitako pang'ono, n'kuloweza zoswalira, basi. Zilembo ndikaziona zimangokhala ngati nyerere zofera pansalu. Komabe pali munthu mmodzi wolemba m'nyuzipepala amene ndinkamudziwa kalembedwe kake kuposa anthu ambiri ophunzira, ndipo ngakhale mukanandibisira chithunzi chake ndikanamuzindikira ndi khutu lokha.

Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Amuna anga atamwalira ndinayamba geni ya nsomba. Ndinkagula matemba ndi makumba kwa asodzi n'kuyanika, mlamba n'kuwamba, kenako dengu pamutu mpaka kumsewu, ulendo wa kumsika wa Nsanama. Malo anga anali m'munsi mwa khonde la sitolo ina yaikulu. Pakhonde pomwepo pankakhala atelala, munthu wamtali woonda, ndi makina awo opalasa ndi phazi.

Nsomba tinkakulungira m'nyuzi zakale. Zinkabwera mtolo kuchokera ku Liwonde kapena ku Balaka, zina za miyezi yapitayo, zina zodyedwa m'mbali ndi mphemvu. Atelalawo ankakonda kuwerenga kuposa kusoka. Nsalu za anthu zinkagona masabata, koma mtolo wanga ukangofika makina ankaima.

"Amayi a matemba, musang'ambe kaye. Tione ngati bwenzi lanu lilimo."

Bwenzi langa anali bambo wa magalasi. Dzina lake atelala ankalitchula koma silinakhale m'mutu mwanga. Chimene ndinkadziwa ndi kachithunzi pamwamba pa tsamba: munthu wadazi, magalasi atatsikira pamphuno, osamwetulira, ngati wina wangomuponda chala. Ndikaona nkhope imeneyo ndinkasolola tsambalo n'kupereka kukhonde.

Ankalemba m'Chichewa chomwechi, koma mawu ake analibe mafuta. Ankagwa amodziamodzi ngati munthu akudula nzimbe ndi chikwanje. Ena olemba m'nyuzimo atelala akawerenga ndinkayamba kuwodzera, chifukwa ankazungulira nyumba yonse osapeza chitseko. Uyu ankalowa ndi nsapato zomwe. Chimene ankadana nacho kwambiri ndi mawu ofewa amene akuluakulu amabisalamo. Akamva wina wanena kuti mankhwala asowa m'chipatala, iye ankafunsa ngati mankhwala anamera miyendo. Akamva kuti chimanga chasokonekera, ankati thumba silisokonezeka lokha, pali phewa limene linalinyamula, ndipo phewalo lili ndi mwini wake amene amadya ndi kugona. Wakuba ankamutcha wakuba, kaya wavala tayi.

Ndipo sankangolasa akuluakulu okha. Tsiku lina analasa ife. Analemba za amayi amene amavina padzuwa tsiku lonse chifukwa cha nsalu imodzi ya chipani, n'kubwerera kunyumba kukamwa madzi a pachithaphwi. Tsiku limenelo ine ndinali nditavala nsalu yoteroyo. Mayi wogulitsa tomato pafupi nane anaseka mpaka mpango unagwa. Ndinakwiya, koma ndinalephera kunena kuti bamboyo wanama. Nthawi ina analemba kuti iye mwini analakwitsa pa nkhani ya munthu wina, ndipo anapepesa poyera osadzikometsera. Apo m'pamene ndinamukhulupirira kotheratu. Mwamuna wonena kuti ndalakwa, pamoyo wanga ndinali ndisanamuonepo.

Atelala ankawerenga tsamba limenelo ataimirira. Ankakweza mawu, chala m'mwamba, pena n'kuima kuti anthu aseke. A kabaza ankaimika njinga, ogula ankaiwala zimene abwerera.

"Ameneyu am'manga, muona," ankatero wina.

"Akam'manga amayi a matemba azikam'patsira nsomba kundende. Si mwamuna wawo?"

"Akanandifunsira ndikanalola lero lomwe," ine ndinkayankha. "Osati atelala awa, amati diresi latsala pang'ono pamene nsalu sanadule n'komwe."

"Aa, mwandipha amayi! Koma munthu uyu ndi mwamuna. Dziko likanakhala ndi anthu khumi otere, bwenzi titachira."

Masamba ena onse ndinkakulungira nsomba, nkhope za nduna ndi za osewera mpira zinkapita zitanona mafuta a mlamba. Tsamba la bambo wa magalasi lokha ndinkalipinda n'kuika pansi pa dengu. Kunyumba ndinali ndi chitini chodzaza. Musandifunse kuti ndinkasungiranji munthu wosawerenga. Ndinkangoona kuti si bwino mawu otere akathere kudzala.

Kulakwa kwanga kunali apa. Ndinkaganiza kuti mawu akadutsa pakamwa pa munthu kawirikawiri amamusiyira kanthu, monga mchere umalowerera m'nsomba. Zaka zonse zija ndinkamva mawu a bambo wa magalasi ndi liwu la atelala, mpaka awiriwa anasanduka munthu mmodzi m'mutu mwanga.

Tsono mumve za munda. Amayi anga anali ndi munda wa mpunga kudambo la kunyanja, umene anausiyiridwa ndi amayi awo. Kwathu munda umatsata akazi. Amayi atamwalira unakhala wanga, ndipo pambuyo panga ukanakhala wa mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa kuno ku Balaka. Nsomba zinali za sopo ndi mchere chabe. Chakudya chenicheni chinali mundawo. Ndinkaudziwa ngati chikhatho changa: pamene madzi amayambira kulowa, pamene pamaterera, pamene mbalame zimakonda kutera.

Ndili ndi mchimwene wanga mmodzi, wamkulu kwa ine, amene anakakwatira ku Ngokwe. Ndiye mwini mbumba wathu. Maliro, ukwati, matenda, zonse timayamba tauza iye. Tsiku lina la msika, chilimwe chili pakati, ndinangoona atulukira ndi njinga, thukuta lili kamukamu, pepala m'manja.

"Achemwali, mwayi wabwera. Akulemba maina a amayi olima mpunga kuti apange kalabu. Azipereka mbewu, ndi pampu yopalasa ija. Lero ndi tsiku lomaliza. Ndapalasa kuchokera ku Ngokwe chifukwa cha inu."

Anatulutsa kabokosi ka inki m'thumba. Ine sindinali chitsiru ayi. Ndinadziwa kuti chala sadinda pa chinthu chosamva. Ndinatenga pepalalo n'kukweza dzanja kukhonde monga ndinkachitira masiku onse.

"Atelala, tandiwerengerani ichi."

Analandira. Koma sanaimirire. Anawerenga milomo ili chitsekere, maso akutsika, kukweranso, kutsikanso. Kenako anacheuka kuyang'ana pakhomo la sitolo. Mwini sitolo anali ataima pamenepo, atatsamira chitseko, akuyendetsa mikanda ya tasibihi m'zala.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi nkhani ya munda, amayi."

"Munda wanga?"

"Womwewo. Za munda zomwezo."

Mwamva? Sananame. Mpaka lero akhoza kulumbira mumzikiti kuti sananame. Inalidi nkhani ya munda.

Chala changa chinakana koyamba. Chinali ndi mafuta a nsomba, inki sinagwire, papepala panangotsala banga. Achimwene anagwira dzanja langa, n'kupukuta chalacho ndi malaya awo, bwinobwino ngati akupukuta mwana, n'kuchikanikiza okha. Atatero anapereka cholembera kwa atelala kuti asaine ngati mboni. Atelala anasaina, n'kubwerera pamakina. Tsiku limenelo anasoka kwambiri, mutu osadzutsa. Ine ndinawapatsa achimwene mulu wa makumba kuti akadye ndi alamu.

Mitambo itayamba kusonkhana ndinapita kudambo ndi khasu kukakonza nazale. Ndinapeza amuna anayi akulima. Ndinayesa asokera malire.

"Pepani abambo, mwalowa m'munda mwa eni."

"Eni ake ndi amene atituma, amayi. A sitolo a ku Nsanama. Akuti anagula kwa mayi wina wogulitsa nsomba."

Sindikumbuka mmene ndinafikira ku Nsanama. Mwini sitolo sanakalipe. Anandipatsa mpando, n'kutulutsa fotokope ya pepala lija m'kabati, n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati iye anachita zonse mwadongosolo, anapereka ndalama zonse m'manja mwa mwini mbumba, ngati sizinandifike ndi nkhani ya kubanja kwathu. Ndinatuluka osayang'ana kukhonde. M'mawa mwake ndinakwera sitima kubwera kuno ku Balaka.

Mwana wanga anawerenga pepalalo mokweza, liwu lililonse, akulira. Linkati ine, mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza, nditamva bwino zonse zolembedwa, ndagulitsa munda wonse. Nditamva bwino zonse zolembedwa! Ndinamuuza abwereze pamenepo katatu.

Ndinayenda ndithu kukadandaula. Kulikonse kumene ndinapita funso linali limodzi. Chala ichi n'chanu? N'changa. Mboni inalipo? Inalipo. Inakuwerengerani? Apo ndinkasowa poyambira, chifukwa pepala linaperekedwadi kwa munthu wodziwa kuwerenga, anthu akuona.

Nditabwerera kumsika ndinakwera pakhonde paja, koyamba pa zaka zonse zija. Ndinaika fotokope pamakina, pamwamba pa nsalu imene ankasoka.

"Werengani. Muimirire, mukweze chala monga mumachitira."

"Amayi, anthu akuona."

"Si mumakonda anthu akamaona? A kabaza, bwerani kuno, atelala awerenga!"

"Chonde amayi, tsitsani mawu." Anayang'ananso kuchitseko. "Inu mukuganiza kuti ine ndikanatani? Khonde ili ndi la yani? Makinawa usiku amagona m'sitolo mwa yani? Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi."

"Nanga bambo wa magalasi uja? Munkati ndi mwamuna."

"Zija ndi za m'nyuzi, amayi. Kuno ndi ku Nsanama."

Ndinatenga pepala langa. Ndinasamutsa dengu kupita mbali ina ya msika, kufupi ndi ogulitsa makala, kumene fumbi lake linkadetsa nsomba. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso wondiwerengera.

Tsopano kumudzi nkhani inali itapeza dzina lake. Ankati panali kusamvana. Aliyense wobwera kudzandiona ankabwera ndi liwu lomwelo, ngati analigula sitolo imodzi. Tamva za kusamvana kwanu ndi achimwene. Kusamvana kumachitika pachibale. Musalole kusamvana kupasule mbumba. Ngakhale amene ankatukwana achimwene kuseri, akafika pakhomo panga ankati kusamvana.

Inafika nthawi ya sadaka yokumbukira malemu amayi athu, imene tinapangana kale mundawo usanapite. Kutatsala tsiku limodzi, amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali okalamba kwambiri, ankayenda ndi ndodo.

"Mwanawe, tamvera. Akuluakulu akambirana ndi a sitolo. Munthu uja safuna phokoso, ndi munthu wa mumzikiti. Walola kuti kachigawo ka munda ka kumabango kaja uzilima iwe mpaka imfa yako. Chimene akufuna n'chimodzi. Mawa pamaso pa ashehe mchimwene wako anena kuti panali kusamvana ndipo zatha. Iwe uvomere, mugwirane chanza. Basi."

"Kusamvana, amayi?"

"Ndi liwu chabe. Liwu ulimapo mpunga? Tenga kamundako."

Kachigawo kaja ndinkakadziwa. Kanali kakang'ono koma kachonde, madzi sankachedwa kufika. Kakanandidyetsa ine ndekha chaka chonse. Ndinavomera. Ndikunena zoona, ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo m'mawa ndinavala mpango wanga woyera ndili wokonzeka kugwira dzanja lija.

Anthu anabwera ambiri. Ashehe anachita duwa, pemphero lathu lija, amuna pansi pa mtengo wa mango, ife amayi chapambali pamikeka. Mpunga umene unaphikidwa tsiku limenelo unali wanga, thumba lomaliza la m'munda uja, limene ndinasungira sadaka ya amayi. Anthu atasamba m'manja, achimwene anaimirira atavala mkanjo watsopano.

Analankhula bwino, munthu uja pakamwa ali napo. Anathokoza ashehe, anathokoza obwera kutali. Kenako anati pabanja pathu panagwa kusamvana pang'ono. Anati kusamvanako kunabwera chifukwa mlongo wawo sanapite kusukulu, ndiye zina za m'mapepala zimamuvuta kumva. Anati iwo monga wamkulu akhululuka mawu onse amene ananenedwa pa nthawi ya kusamvanako. Anthu anang'ung'udza movomereza. Anayenda kubwera kumene ndinakhala, dzanja lili patsogolo.

Akanangonena kamodzi, mwina ndikanapirira. Koma pamene ankabwereza, m'mutu mwanga munayamba kumveka kalankhulidwe kaja, kofunsa ngati chinthu chinamera miyendo. Munda unasamvana ndi yani? Unanyamuka wokha kupita kusitolo? Ndinayang'ana dzanja lija. Linali lomwe lija linapukuta chala changa.

Sindinaimirire, ndipo sindinakuwe.

"Achimwene, ine ndi inu tinamvana bwinobwino. Munati kalabu, ine ndinamva kalabu. Panalibe kusamvana. Munaba."

Mayi wina anagwetsa mbale.

"Achemwali, pano ndi pa sadaka."

"Ndikudziwa. Ndi sadaka ya mwini munda. Munaba munda wa amayi anu, mpunga mukudyawu ndi wotsiriza. Mwini sitolo anagula chakuba akudziwa, atelala anaona n'kutseka pakamwa. Lembani pepala lina lonena zimenezo, ndidinda ndi zala zonse khumi."

Amayi aang'ono anayamba kulira, akumenya ndodo pansi. Ashehe anati astaghafirullah, Mulungu atikhululukire, n'kuyang'ana kumbali. Achimwene anabweza dzanja, analipukuta pamkanjo ngati lagwira zonyansa, n'kunena mawu amodzi okha: "Mwamva nokha." Anthu anayamba kufunafuna nsapato zawo. Ena anasiya mpunga m'mbale.

Palibe amene ananena kuti ndanama. Zimenezo ndinazisunga. Ankati ndalankhula pamalo olakwika, ndachititsa manyazi malemu, mkazi satero kwa mwini mbumba. Amayi amene tinkawokera limodzi mpunga anasiya kudutsa pakhomo panga. Kachigawo ka kumabango sikanatchulidwenso.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti mtima unapepuka. Unapepuka masiku awiri. Kenako kunabwera mwezi wa njala, ndipo ndinayamba kukalima ganyu m'minda ya anzanga, ine amene ndinkalemba ena ganyu. Tsiku lina ndinkawokera m'munda woyandikana ndi wanga, matope mpaka m'mawondo, ndikuona anthu achilendo akupondaponda pamene amayi anga ankakhala poingitsa mbalame. Tsiku limenelo ndinamutukwana bambo wa magalasi. Ndinati iwe unkalemba uli pampando kutauni, ukamaliza n'kupita kukamwa tiyi. Sunalembepo kuti munthu akatchula wakuba ndi dzina lake, mawa lake amadya chiyani. Unandiphunzitsa kalankhulidwe ka anthu amene ali ndi malipiro.

Koma ngakhale ndinkatukwana choncho, ndinalephera kupeza pamene ananama. Ndafufuza zaka zonsezi. Anthu onse a m'nkhani iyi anandiuza mawu ofewa: achimwene, atelala, a sitolo, ngakhale amayi aang'ono amene ankandifunira zabwino. Mmodzi yekha amene sanandinyengerere ndi munthu amene sanandionepo, amene sakudziwa kuti kunja kuno kuli mayi wonunkha matemba amene ankamuimira kumbuyo. Ndimamulemekezabe, ndipo ndimamukwiyirabe. Zonse ziwiri mulembe.

Mwini sitolo akukololabe. Anagulanso minda ina iwiri yoyandikana nawo, ndipo ndikumva kuti anapita ku Haji.

Atelala maso anayamba kuchita khungu, ulusi sunkalowanso pa singano. Khonde limene ankaliopera lija anawachotsapo ndithu, pano pali munthu wotchaja mafoni. Akuti amakhala kwa mwana wawo ku Ntaja. Tinakumana kamodzi pa depoti ya Liwonde, anandizindikira ndi mawu, n'kundipatsa moni wa Chiyao wautali. Ndinayankha moniwo, chifukwa moni sakaniza, n'kukwera minibasi.

Amayi aang'ono anamwalira chaka chotsatira. Kumaliro ndinapita, ndinakhala kumapeto kwa mkeka.

Achimwene anakhoma malata nyumba ya ku Ngokwe, pamudzi pa akazi awo. Alamu atamwalira, abale a mkazi anawauza kuti mkamwini nthawi yake yatha. Anabwerera kwathu ndi njinga ndi chikwama, malata anatsala. Pano akudwala miyendo, ndipo atumiza uthenga kawiri kuti akufuna kuonana ndi mlongo wawo tisanasiyane. Ndinafunsa wobweretsa uthengayo kuti akuti tikakambirane chiyani. Anati za kusamvana kuja. Sindinapite.

Bambo wa magalasi sindikudziwa. Mwana wanga akuti tsamba lake linasiya kutuluka kalekale. Ena amati anamwalira, ena amati anapatsidwa ntchito yabwino n'kukhala chete. Ndinamuuza mwana wanga kuti asafufuze.

Ine nsomba ndinasiya, miyendo sinkalolanso. Ndimakhala kuno ku Balaka m'kachipinda ka kuseri, pakhomo pa apongozi, ndikulera adzukulu amene sanaonepo mpunga uli m'munda. Ukafika mwezi wa Ramadhani mwana wanga amandigulira wa pamsika, wa pakapu, wosweka, wodzaza miyala. Ndimakhala pano n'kumasankha.